Funsani Tikuyankheni: Chiphaso cha mfuti chimathera pati munthu akamayenda ku America?

Mwezi uno ndalandira makalata anayi okhudza mfuti, ndipo atatu mwa iwo akufunsa za ku America. Sizodabwitsa, poti kuno ku Mzuzu mabanja ambiri tsopano ali ndi mwana kapena mlongo kumeneko. Inenso ndinakhala zaka 11 mumzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri, ndisanabwerere kwathu ku Katoto. Ndiyamba ndi kalata ya mayi a ku Chibavi, chifukwa ndi imene yandisowetsa tulo.

FUNSO: Mwana wanga wachisamba ali ku Indiana. Anapita ndi green card, chilolezo chokhazikika ku America, zaka 6 zapitazo ndipo amayendetsa thiraki. Mwezi wathawu anandiuza pa WhatsApp kuti wagula mfuti yaing'ono chifukwa anyamata ena anamuopseza usiku pamalo ogona mathiraki. Akuti ali ndi chiphaso chomulola kuyenda nayo atabisa m'zovala, ndipo akuti chiphasocho ndi cha America yense. Katundu amakatula ku Michigan, ku Chicago, nthawi zina mpaka ku New Jersey. Achimwene anga amene anapuma ntchito ya upolisi akuti palibe vuto, poti kuno munthu wa laisensi ya mfuti amadziwika ndi boma kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Koma mpongozi wanga akundiimbira foni akulira. Kodi mwana wanga akunena zoona?
Mayi wa ku Chibavi

YANKHO: Mayi, mpongozi wanu sakulira pachabe. Mwana wanu wamva molakwika, ndipo kulakwitsa kumeneku kungamutayitse ntchito, ufulu ndi green card yomweyo tsiku limodzi. Ku America kulibe chiphaso chonyamulira mfuti cha dziko lonse chimene munthu wamba amapatsidwa. Apolisi ndi amene anapuma upolisi ndiwo ali ndi lamulo lawo la 2004 lowalola kuyenda ndi mfuti m'zigawo zonse. Chimene mwana wanu wasunga m'chikwamacho chinachokera ku polisi ya Indiana, ndipo akangotuluka mu Indiana chimakhala ndi mphamvu pokhapo pamene chigawo chimene walowacho chinavomera kuchilemekeza.

Achimwene anu sakunama pa za kuno. Ife tili ndi lamulo limodzi la mfuti, la 1967, ndipo wapolisi wa pa rodibuloko ya Jenda amatsata buku lomwelo limene akutsata mnzake ku Chilumba. Koma America ndi zigawo 50, zimene anzathu kumeneko amangoti masteti, ndipo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo, bwanamkubwa wake, apolisi ake ndi ndende zake. Amene ayenera kuyenda ndi mfuti mumsewu ndi amene sayenera, chigawo chilichonse chimadzisankhira. Chimene chimasokoneza ana athu ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Imeneyo imalandiridwa paliponse, ndiye munthu amaganiza kuti kakhadi kenako kali m'chikwama chomwecho kayendanso chimodzimodzi.

Chinanso ndi chakuti malire ake saoneka. Kuchokera pakati pa South Bend kukafika m'malire a Michigan ndi pafupi kuposa kuchoka pa depoti ya Mzuzu kupita ku Ekwendeni. Palibe chipata, palibe chingwe, palibe wofunsa pasipoti ngati ku Songwe. Pali chikwangwani chimodzi m'mbali mwa msewu chokulandirani, ndipo usiku kapena kukagwa chipale mumachidutsa osachiona. Ine ndinkawoloka malire amenewo kangapo pa mlungu popita kuntchito, ndipo masiku ambiri sindinkazindikira kuti ndasintha malamulo amene akundilamulira.

Tiyeni tiyende naye limodzi m'misewu imene mwatchulayo.

Kwawo ku Indiana zinthu n'zofewa kwambiri. Kuyambira pa 1 Julayi 2022, munthu wamkulu amene malamulo sakumuletsa kukhala ndi mfuti atha kuyenda nayo popanda chiphaso n'komwe. Boma la chigawocho limaperekabe chiphaso kwa ochifuna, makamaka chifukwa cha maulendo, ndipo mwana wanu anachita bwino kuchitenga. Akalowera kumpoto, Michigan imalandira chiphaso cha mlendo ngati chinaperekedwa ndi chigawo chimene mlendoyo amakhala. Ndiye cha Indiana chigwira ntchito. Koma ku Michigan wapolisi akakuimitsa uyenera kumuuza nthawi yomweyo kuti uli ndi mfuti, osadikira kuti akufunse. Ku Indiana lamulo lotere kulibe. Ku Ohio, kum'mawa kwake, umanena ukafunsidwa. Zigawo zitatu zoyandikana, zonse zomulola kunyamula, koma chilichonse ndi kachitidwe kake pa mphindi yovutayo pamene wapolisi waima pawindo.

Ku Chicago ndi nkhani ina. Mzindawo uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku South Bend, kufupi kuposa Mzuzu ndi Karonga, koma uli m'chigawo cha Illinois, chimene chinali chomaliza m'dziko lonse kulola anthu kuyenda ndi mfuti zobisa, mu 2013. Illinois salandira chiphaso cha chigawo china chilichonse. Anangosiya kampata kakang'ono: mlendo amene ali ndi chiphaso cha kwawo atha kukhala ndi mfutiyo m'kati mwa galimoto, ndipo akatsika aisiye yobisika m'galimoto yokhoma kapena m'bokosi lokhoma. Kutsika nayo m'chiuno kukasainitsa mapepala a katundu kapena kukagula chakudya ndi mlandu.

Tsopano New Jersey, kumene ndikufuna mumve bwino. Msewu wa I-80 umachoka ku Indiana, kudutsa Ohio ndi Pennsylvania, n'kuwoloka mtsinje wa Delaware kulowa mu New Jersey. Pennsylvania ili ndi mndandanda wa zigawo zimene imazilandira, wosungidwa ndi ofesi ya loya wamkulu wa chigawocho, ndipo mndandandawo umasintha. Koma New Jersey salandira chiphaso cha wina aliyense. New York nayenso ayi, Maryland ayi, Massachusetts, Connecticut, California ayi. Ku New Jersey kupezeka ndi mfuti ya m'manja popanda chiphaso chawo ndi mlandu wa zaka 5 mpaka 10, ndipo pali lamulo lotchedwa Graves Act limene limaika chilango choyambira miyezi 42 munthu asanaganiziridwe zotuluka. Ali ndi malamulo enanso amene alendo sawadziwa: kabokosi kolowetsamo zipolopolo, kamene amati magazini, sikayenera kupitirira zipolopolo 10, pamene mfuti zambiri zogulidwa ku Indiana zimabwera ndi kotenga zoposa pamenepo. Munthu atha kukhala ndi milandu iwiri m'thumba limodzi asakudziwa.

Izi zinachitikira mayi wina wa ku Philadelphia, mzinda wa m'chigawo cha Pennsylvania, dzina lake Shaneen Allen, amene nkhani yake inamveka dziko lonse. Anali mayi wa ana awiri, wolera yekha, ndipo anagula mfuti atamubera. Chiphaso cha Pennsylvania anali nacho, chovomerezeka bwinobwino. Mu Okutobala 2013 anawolokera ku New Jersey, wapolisi anamuimitsa pa nkhani ya pamsewu, ndipo iye mwini, mwaulemu, anamuuza wapolisiyo kuti ali ndi mfuti ndi chiphaso chake. Anamangidwa pomwepo. Anakhala m'ndende milungu ingapo asanatuluke pa belo, ntchito inatha, ndipo anayang'anizana ndi zaka zitatu ndi theka. Anthu atadandaula kwambiri, oimira boma anafewetsa mlanduwo mu 2014, kenako bwanamkubwa wa New Jersey wa nthawiyo, Chris Christie, anamukhululukira mu Epulo 2015. Philadelphia ndi New Jersey zangolekanitsidwa ndi mtsinje. Mayiyo anali nzika yobadwira komweko, ndipo nyuzipepala ndi mabungwe zinamuyankhulira. Mwana wa ku Chibavi amene wamangidwa usiku pa msewu wa ku Newark, mzinda wa ku New Jersey, sindikhulupirira kuti angapeze omuyankhulira ochuluka chotero.

Mukamuuza izi, mwina akuyankhani kuti pali lamulo la boma lalikulu, lija la dziko lonse la America, loteteza apaulendo. Lilipodi, la 1986. Limati munthu atha kudutsa ndi mfuti m'chigawo chilichonse ngati kumene akuchokera ndi kumene akupita akuloledwa kukhala nayo, ngati mfutiyo yachotsedwa zipolopolo, ndiponso ngati mfuti ndi zipolopolozo zili pamalo posafikirika kuchokera pampando, monga m'buti. Galimoto yopanda buti, ngati mutu wa thiraki, ziyenera kukhala m'bokosi lokhoma, osati m'kabati ka pa dashibodi. Onani zinthu ziwiri apa. Choyamba, mfuti yopanda zipolopolo yokhomeredwa m'bokosi singamuthandize pa zimene anaigulira. Chachiwiri, lamulolo ndi la wodutsa. Ngati katundu akukatula ku New Jersey komweko, ndiye kuti New Jersey ndiko kumene akupita, ndipo lamulo la 1986 silimufunditsa. Komanso dalaivala wa thiraki saloledwa kuyendetsa kupitirira maola 11 asanapume maola 10, choncho pa ulendo wa makilomita oposa 1,000 ngati umenewu agona ndithu panjira kapena pafupi ndi potsitsira, ndipo makhoti a mbali imeneyo sachita chifundo ndi munthu amene waima nthawi yaitali. Pa mlandu wina, bambo Revell wa ku chigawo cha Utah anasiyidwa ndi ndege ku Newark mu 2005, anapatsidwa katundu wake, anagona ku hotela, ndipo m'mawa pokaonetsa mfuti yake yokhomeredwa bwino pa bwalo la ndege anamangidwa. Khoti la apilo linanena mu 2010 kuti popeza anagona ndi chikwamacho pafupi, chitetezo cha apaulendo chinali chitamuchokera.

Anzake a mathiraki amuuzanso kuti atenge chiphaso cha Utah kapena cha Florida, zimene zimaperekedwa ngakhale kwa anthu osakhala kumeneko. Chimawonjezera zigawo zingapo, inde. Koma New Jersey, New York ndi Illinois sazilandiranso zimenezo, ndipo Michigan, Pennsylvania ndi Colorado amafuna chiphaso cha chigawo chimene munthuyo amakhaladi. Njira yokhayo yonyamulira mfuti ku New Jersey ndi kupempha chiphaso cha New Jersey chenichenicho, ndi maphunziro ndi mayeso ake. Palinso lamulo la boma lalikulu la 1990 loletsa mfuti pamtunda wa mafiti 1,000, pafupifupi mamita 300, kuzungulira sukulu za ana. Limapatula munthu amene chiphaso chake chinaperekedwa ndi chigawo chimene sukuluyo ili. Thiraki yolowa m'tauni imadutsa sukulu zingati pa tsiku?

Koma chachikulu, mayi, ndi green card. Mwini green card amaloledwa kugula mfuti ndi kukhala nayo, zimenezo zili bwino. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamulo loona za anthu olowa m'dzikolo limaika mlandu wa mfuti pagulu la milandu yopitikitsira munthu amene si nzika. Akangopezeka wolakwa pa kunyamula kapena kusunga mfuti mosemphana ndi lamulo, ngakhale sanaombere aliyense, ngakhale chilango chake chikhale chaching'ono, atha kubwezedwa kuno. Nzika ikalakwa imaseweza n'kubwerera kunyumba kwake. Mwana wanu atha kuseweza, kenako n'kukwezedwa ndege, mkazi ndi ana n'kutsala. Ndaona anyamata a ku Africa kuno akuvomera mlandu msanga kukhoti pofuna kuti atuluke akagwire ntchito, osadziwa kuti kuvomerako ndi kumene kwawatsekera khomo. Ngati tsoka lotere litamugwera, asavomere kanthu asanaonane ndi loya wodziwa milandu ya upandu ndi ya anthu obwera, zonse ziwiri.

Ndinene chimodzi chowawa, chifukwa ndinu mayi ndipo muyenera kuchidziwa. Usiku wina ku Michigan wapolisi anandiimitsa chifukwa nyali yakumbuyo inali itazima. Funso lake loyamba silinali la nyali. Anafunsa ngati m'galimoto muli chida. Munalibe, manja anga anali pa chiwongolero monga anandiphunzitsira anzanga nditangofika, komabe mtima unagunda mpaka ndinafika kunyumba. Mu Julayi 2016, ku Minnesota, mnyamata wakuda dzina lake Philando Castile anaimitsidwa chimodzimodzi. Anali ndi chiphaso chovomerezeka cha chigawo chake chomwe, anamuuza wapolisi kuti ali ndi mfuti, ndipo patangopita masekondi ochepa anaomberedwa m'galimoto momwemo, bwenzi lake ndi kamwana ali momwemo. Wapolisiyo khoti linamupeza wosalakwa mu 2017. Chiphaso chingamuthandize munthu pamaso pa woweruza, koma pawindo la galimoto usiku, munthu wakuda wokhala ndi mfuti amakhala pa ngozi imene pepala silichotsa.

Sindikunyoza mantha a mwana wanu. Malo ogona mathiraki ena ndi oopsadi, ndipo munthu amene waopsezedwa kamodzi amagona khutu lili kunja. Koma mukamuimbira Lamlungu likudzali, mufunseni zinthu izi modekha. Kodi kampani imene amagwirako imalola mfuti m'thiraki? Makampani ambiri akuluakulu amaletsa, ndipo malo ambiri otsitsira katundu, madoko ndi misasa ya asilikali salola chida kulowa pageti. Kodi asananyamuke amawerenga tsamba la apolisi kapena la loya wamkulu wa chigawo chilichonse chimene adutse, kapena amangodalira mapu a pa foni ndi zonena za anzake? Ndipo mumuuze mawu anga awa: tsiku limene pepala la katundu lalembedwa New Jersey, New York kapena Maryland, mfuti itsale kunyumba m'bokosi lokhoma, kutali ndi ana. Ngati sangathe kuyenda popanda iyo, apemphe misewu ya kumwera ndi ya pakati pa dziko. Canada asayese n'komwe. Mlatho wa ku Detroit umalowa m'dziko lina, ndipo dalaivala akasochera n'kukwera mlathowo sapeza pokhotera.

FUNSO: Ndapeza malo pa yunivesite ina ku Texas ndipo ndikunyamuka mu Ogasiti pa viza ya sukulu. Anzanga akuti kumeneko mfuti amagula ngati buledi ndipo chiphaso sichifunika. Kodi ine ndingakhale nayo yodzitetezera?
Mnyamata wa ku Luwinga

YANKHO: Mphwanga, choyamba ndikuyamikire chifukwa cha malowo. Pa funso lako yankho ndi ayi. N'zoona kuti kuyambira mu 2021 Texas imalola anthu ambiri kuyenda ndi mfuti ya m'manja popanda chiphaso, koma zimenezo ndi za anthu amene boma lalikulu silikuwaletsa. Iweyo likukuletsa. Kuyambira mu 1998, munthu amene walowa m'dzikolo pa viza ya kanthawi, kaya ya sukulu, ya ntchito kapena yokacheza, saloledwa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo. Pali zopatula zochepa, ndipo yodziwika kwambiri ndi ya munthu amene ali ndi laisensi yosakira nyama yoperekedwa ndi chigawo. Udzamva ena akukuuza kuti ungogula laisensi yosakayo kuti uzembere lamulo. Usatero. Viza ya sukulu imathetsedwa mosavuta, ndipo kungomangidwa kokha kumakwanira kuti maphunziro ako asokonekere mlandu usanaweruzidwe.

Chenjera makamaka ndi zocheza. Anzako a m'kalasi adzakuitanira kumalo ophunzirira kuombera Loweruka, mwaubwenzi ndithu, chifukwa kwa iwo zili ngati kupita kumpira. Kubwereka mfuti pamalo otero kumawerengedwanso ngati kukhala nayo. Ndipo chithunzi chako utanyamula mfuti chikakhala pa Facebook kapena Instagram, chidzakudikira tsiku lokawonjezera viza. Ukafika, pita ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, sunga nambala ya apolisi a pasukulupo, ndipo posankha nyumba funsa Amalawi amene anakutsogolera kuti ndi dera liti limene munthu amayenda madzulo mtima uli m'malo.

FUNSO: Ndimaphunzitsa mbiri ndi za chikhalidwe kusekondale. Chimene sindimvetsa n'chakuti ufulu wokhala ndi mfuti uli m'malamulo oyendetsera dziko la America. Nanga zimatheka bwanji kuti ufuluwo uthere pa mlatho? Bwanji sangopanga lamulo limodzi?
Mphunzitsi wa ku Zolozolo

YANKHO: Aphunzitsi, funso limeneli Amereka eni ake akukangana nalo mpaka lero. Ndime imene mukunenayo inalowa m'malamulo awo mu 1791, koma khoti lalikulu la Supreme linachedwa kwambiri kunena tanthauzo lake kwa munthu payekha. Mu 2008, pa mlandu wa Heller, linati munthu ali ndi ufulu wosunga mfuti m'nyumba. Mu 2010, pa mlandu wa McDonald wochokera ku Chicago, linati zigawo nazonso ziyenera kulemekeza ufuluwo. Mu Juni 2022, pa mlandu wa Bruen, oweruza 6 mwa 9 anathetsa lamulo lakale la New York lofuna kuti munthu asonyeze chifukwa chapadera asanapatsidwe chiphaso choyendera ndi mfuti. Koma chigamulocho sichinalamule New York kuti ilandire chiphaso cha Indiana. Chinasiya zigawo zili ndi mphamvu yofuna chiphaso chawochawo. New York inayankha chaka chomwecho pokhwimitsa zofunika, kuphatikizapo maola 16 a m'kalasi ndi maola 2 ophunzira kuombera, ndiponso kuletsa mfuti m'malo ambiri monga Times Square, bwalo lotchuka la mumzinda wa New York.

Nthawi yomweyo mbali ina ya dziko ikulowera kwina. Vermont sinafunepo chiphaso chiyambire. Alaska inachotsa kufunika kwake mu 2003, Arizona mu 2010, ndipo pofika 2024 zigawo 29 zinali zitatero. Ndiye mukuona kuti mpata pakati pa magulu awiriwa ukukula.

Lamulo limodzi layesedwa kangapo. Mu 2009 linapeza mavoti 58 m'nyumba ya Senate, mu 2013 linapeza 57, pamene pamafunika 60. Mu Disembala 2017 nyumba ya aphungu inavomereza bilu ya Richard Hudson wa ku North Carolina ndi mavoti 231 kwa 198, koma Senate sinaikambirane ndipo inafera pomwepo. Oifuna amati ufulu suyenera kutha munthu akawoloka mtsinje, ndipo amatchula Shaneen Allen. Oikana, kuphatikizapo akuluakulu a polisi a m'mizinda ikuluikulu, amati lamulolo lingakakamize chigawo chokhwimitsa kulandira muyeso wa chigawo chofewetsetsa.

Maganizo anga ndi awa. Zimene anachitidwa mayi uja zinali nkhanza, ndipo lamulo loika munthu woona mtima m'gulu limodzi ndi chigawenga liyenera kukonzedwa. Koma ku Indiana munthu amalandira chiphaso osaphunzira ngakhale ola limodzi la kagwiritsidwe ntchito ka mfuti. Sindiona chilungamo pouza anthu a mumzinda wothithikana ngati New York, amene anadzisankhira maola 18 a maphunziro, kuti alandire mlendo wopanda ngakhale limodzi m'sitima zawo zapansi panthaka. Chimene ndikanakonda n'chakuti lamulo la apaulendo la 1986 lilembedwe momveka, kuti wogona panjira kapena wosiyidwa ndi ndege asamangidwe, ndiponso kuti oweruza apatsidwe mpata wosiyanitsa wosochera ndi wachifwamba. Kwa ana anu a m'kalasi, nkhaniyi ndi chitsanzo chabwino chosonyeza kusiyana kwa boma la chitaganya ndi boma limodzi ngati lathuli.

FUNSO: Ndili ndi mfuti ya laisensi ndipo ndimalipira bwinobwino. Ndimapita ku Dar es Salaam kukatenga magalimoto, nthawi zina ndili ndi ndalama zambiri. Popeza tonse tili mu SADC, kodi ndingawoloke nayo pa Songwe?
Wamalonda wa ku Mchengautuwa

YANKHO: Bambo, laisensi yanu imathera pa mlatho wa Songwe. Mukaponda ku Kasumulu muli pansi pa lamulo la Tanzania la 2015 loona za mfuti ndi zipolopolo, ndipo pepala la polisi ya Malawi silikupatsani chilolezo chilichonse kumeneko. Mgwirizano wa SADC wokhudza mfuti ulipo, unasainidwa ku Blantyre konkuno mu Ogasiti 2001, koma cholinga chake ndi kuthana ndi kuzembetsa zida ndi kuthandiza mayiko kulemba ndi kulondola mfuti. Sunapange laisensi imodzi ya mayiko onse a SADC monga mmene yellow card ya COMESA imachitira pa inshuwalansi ya galimoto.

Kuti mfuti iwoloke mwalamulo pamafunika mapepala a mbali zonse ziwiri: chilolezo chotulutsira kuchokera ku polisi ya kuno, ndi chilolezo cholowetsera kwa kanthawi kuchokera ku polisi ya Tanzania, zonse zopezedwa ulendo usanayambe, ndipo mfutiyo mumaionetsa nokha pachipata. Kuibisa pansi pa mpando n'kuyembekeza kuti sakusechani ndi mlandu wozembetsa zida, ndipo galimoto ya kasitomala wanu igwidwa limodzi ndi inu.

Vuto lanu lenileni ndi ndalamazo. Lipirani kudzera ku banki kapena kwa ajenti wanu wa ku doko musananyamuke ku Mzuzu, m'thumba mutsale za mafuta, chakudya ndi pogona. Pobwera yendani awiri kapena atatu motsatizana ndi anzanu otenga magalimoto, phiri la Kitonga mulikwere kukuwala, mugone ku Iringa kapena ku Makambako, ndipo munyamuke m'mamawa kuti mudutse Uyole ndi Tukuyu n'kufika pa Songwe dzuwa lisanapendeke.